Buku la Mayeso ndi Buku la Pamudzi

Pali dandaulo limene limveka kawirikawiri pakati pa aphunzitsi, olemba ndi ogulitsa mabuku, lakuti anthu olankhula Chichewa sakonda kuwerenga. Ena aonjeza kunena kuti lamya za m'manja zatsiriza buku, ndi kuti mbadwo ulinkudzawu sudzafunanso pepala. Dandaulo lotere liyenera kuyesedwa bwino lisanalandiridwe, pakuti mphunzitsi amene alowa m'kalasi atakhulupirira kale kuti ana ake sadzawerenga, waweruza mlandu asanamve mboni. Njira yabwino yoliyesera ndiyo kuyang'ana mabuku enieniwo: kumene anachokera, chimene chiri m'kati mwao, ndi chizolowezi cha kuwerenga chimene anabala.

Munthu akayang'ana motero apeza kuti anthu sanalikane buku. Chimene chinachitika nchakuti buku la Chichewa linabadwira pa mishoni nilikulira m'sukulu, ndipo kumeneko linasanduka chida cha mayeso. Mwana alinyamula pamodzi ndi kope ndi pensulo, nalisiya tsiku lomwelo limene asiya sukulu. Tsono tsogolo la mabuku a Chichewa lagona pa funso ili: kodi buku lingathe kutuluka pa chipata cha sukulu ndi kukafika pamudzi? Funsoli likhudza mphunzitsi wa ana aang'ono koposa munthu wina ali yense, popeza ana ambiri alandira buku lao loyamba kuchokera m'manja mwake.

Kumene buku linachokera

Chinenerochi chinkatchedwa Chinyanja m'masukulu a m'Malawi kufikira 1968, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique chidziwikabe ndi dzina lomwelo. Mabuku ake oyamba anatuluka m'manja mwa amishoni. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lake lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja mu 1892. Buku Lopatulika, limene ntchito yomasulira inatsogozedwa ndi William Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, linatuluka lathunthu mu 1922. Makina a ku Blantyre, ku Nkhoma, ku Likuni ndi ku Malamulo anasindikiza mabuku a nyimbo, a katekisimu ndi a sukulu. Kwa zaka zambiri amenewa ndiwo anali mabuku okha opezeka m'nyumba ya munthu wa kumudzi, osungidwa m'bokosi pamodzi ndi zobvala zopitira ku tchalitchi.

Kuwerenga kumene kunaphuka pamenepa kunali ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba, kunali kwa pagulu ndi komveka. Mmodzi ankawerenga, ambiri namvera. Kalata yochokera kwa mwamuna wogwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg, kapena ku Salisbury kumene tsopano ndi Harare, inkawerengedwa ndi mwana wa sukulu pakhonde, mai ndi agogo atakhala pamphasa. Chotero munthu wosadziwa lemba anali nalo gawo lake m'zolembedwa. Chachiwiri, buku linkayesedwa chinthu cholemekezeka, chimene munthu atsegula kuti alangizidwe. Kuwerenga kongofuna kukondwa, monga momwe munthu akhalira pa bwalo kumvera ng'oma, kunalibe malo eni eni. Chizindikiro choyambacho ndi chuma chimene sukulu yataya pang'ono pang'ono. Chachiwiricho ndi katundu amene buku la Chichewa lasenza kufikira lero.

Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe limodzi loona za kusindikiza mabuku, likulu lake ku Lusaka. Bungweli linkalandira zolemba za anthu a maiko awiriwa, nkuzikonza, ndi kuzisindikizitsa mogwirizana ndi makampani a ku London monga Macmillan ndi Longmans. Ntchito yake inali yaikulu ndithu, ndipo popanda ilo mabuku ambiri okondedwa sakanaona dzuwa. Komatu wogula wamkulu anali sukulu, ndipo olemba ambiri anali aphunzitsi kapena anthu oleredwa pa mishoni. Funso loyamba pa zolemba ziri zonse linali lakuti kodi ziyenera ana a sukulu. Funso lakuti kodi munthu wamkulu wotopa ndi khasu angayatse nyali chifukwa cha izo linkabwera pambuyo.

Nthondo: munthu ndi chitsanzo

Buku loyenera kuyambira ndilo Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene anabadwa mu 1905. Linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analitembenuzira m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, mau otsogolera atalembedwa ndi Julian Huxley. Bukuli litsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kumanda: ubwana wake pamudzi wa Achewa, unyamata wake wa kuba ndi kusamvera, ulendo wake wokafuna ntchito kutali ndi kwao, kulowa kwake ufumu, ndi kutembenuka kwake kukhala Mkhristu.

Mphamvu ya Ntara iri m'maso ndi m'makutu ake. Iye adziwa momwe akazi alankhulira pa mtondo, momwe akulu azungulira nkhani asanaigwire pakhosi, momwe matenda, maliro ndi milandu zisonkhanitsira mudzi. Anthu ake akamakambirana, wowerenga amva mau a anthu amoyo, osati mau a buku. Ndipo Nthondo wopulupudzayo ndiye agwira mtima. Mwana wowerenga afuna kudziwa ngati agwidwa, ngati apulumuka, ngati abweranso kwao. Sikuti mwanayo akonda zoipa ai, koma m'masamba amenewo Nthondo ndi munthu weniweni, wanjala, wamantha ndi wochenjera, amene palibe adziwa chimene achita mawa.

Kufooka kwa bukuli kuoneka pamene liyandikira mapeto. Pamenepo mlembi aleka kuonetsa nayamba kuphunzitsa, ndipo Nthondo aleka kukhala munthu nasanduka chitsanzo. Kutembenuka mtima ndi nkhani yaikulu, yoyenera masamba ambiri a kulimbana kwa m'kati. Koma wowerenga aona patali kumene njira irikupita, ndipo chidwi chake chizirala. Ichi sichichotsa ulemu wa Ntara, amene analima mphanje pamene panalibe mzere woti atsate, nadzalembanso Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Dowa. Cholakwa chachikulu chiri kwa amene aphunzitsa bukuli ngati kuti phindu lake lonse liri m'masamba otsirizawo. Mwana akafunsidwa phunziro la m'nkhani lokha, aphunzira msanga kuti angathe kuyankha bwino osawerenga buku, pongoloweza zimene mphunzitsi walemba pa bolodi.

Sikusinja ndi Gwenembe: nthano yofuna liu

John W. Gwengwe anatsata njira ina. M'buku lake Sikusinja ndi Gwenembe anatenga nthano yodziwika kale, ya abale awiri amene anapita kukafuna chuma kutali, wina nachipeza ndi khama lake, wina namupha panjira chifukwa cha nsanje, mbalame niulula mlanduwo ndi nyimbo. Gwengwe anaitambasula nthanoyo kufikira inakwana buku, koma mafupa ake sanawathyole. Nchifukwa chake bukuli ligwira ana mosavuta. Wowerenga adziwa chinsinsi chimene anthu a m'nkhanimo sachidziwa, ndipo adikira ndi mtima wogunda nthawi imene choonadi chidzatulukira poyera. Phunziro lake siliri chigamba chosokedwa kumapeto. Liri m'mafupa a nkhani, kotero kuti mwana alimva popanda womuuza.

Koma pano paonekanso malire a pepala. Nthano pamoto iri ndi mtsogoleri ndi ovomereza. Wokamba akati padangotero, omvera ayankha kuti tiri tonse, ndipo nyimbo ikafika onse aimba. Pa pepala nyimbo ya mbalame ikhala chete, ndipo kubwereza kumene kukometsa nthano m'khutu kungathe kutopetsa diso. Buku lotere linalembedwa ndi munthu amene ankamva mau m'mutu mwake polemba, ndipo lipeza moyo wake wonse pamene liwerengedwa momveka, ana navomereza. Mphunzitsi amene alipereka kuti ana aliwerenge chamumtima ndi kuyankha mafunso khumi, ali ngati munthu woonetsa alendo ng'oma yopachikidwa pa khoma.

Mabuku a nkhokwe

Pali gulu lachitatu la mabuku, limene cholinga chake ndi kusunga. M'gululi muli Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, losonkhanitsa miyambi. Maliro ndi Miyambo ya Achewa la Archibald Makumbi. Mbiri ya Amang'anja la E. W. Chafulumira, ndi Kukula ndi Mwambo la Gwengwe, la mu 1965. Olemba awa anaona kuti nkhalamba zirikutha ndi nzeru zao, nafulumira kututa mvula isanaononge. Mphunzitsi ali yense ayenera kuwadziwa mabukuwa, pakuti muli mau ndi zining'a zimene sizimvekanso m'misika ya m'tauni.

Komabe nkhokwe si nsima. Chimanga cha m'nkhokwe chiyenera kutongoledwa, kukonoledwa ndi kuphikidwa chisanafike pakamwa pa mwana. Mwambi ukoma pamene wagwa pa malo ake m'kati mwa mkangano. Miyambi makumi asanu yolowezedwa pa ndandanda ndi mtolo wouma. Ndiponso mabuku ambiri a nthawi imeneyo aonetsa mudzi ngati chinthu chosasinthika, ndipo tauni ngati dzenje la chionongeko. Mwana wobadwira ku Ndirande kapena ku Kawale sadzipeza yekha m'menemo, koma monga chenjezo. Mtsikana nayenso afunafuna nthawi yaitali asanapeze nkhani imene mnzake wamkazi ndiye mwini ulendo, popeza pafupifupi onse olemba oyambawo anali amuna. Mwana amene sadziona m'buku ayesa kuti mabuku ndi nkhani za anthu ena.

Chinenero chokwezedwa, olemba omangika

Mu 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko la Malawi, ndipo mu 1972 panakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loyang'anira kalembedwe ndi kalankhulidwe. Munthu akanayembekeza kuti mabuku achuluka ngati bowa. Koma chaka chomwecho cha 1968 panakhazikitsidwanso lamulo lopima mabuku ndi zosangalatsa zonse zisanafike kwa anthu. Mlakatuli Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo za Chingerezi linatuluka ku London mu 1981, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Wolemba m'Chichewa, amene mau ake akanamveka kwa munthu ali yense, anali ndi chifukwa chachikulu chopondera mosamala. Chotero chisamaliro chambiri chinapita pa kulemba Chichewa cholondola, ndipo nkhani zimene anthu ankanong'onezana m'nyumba sizinalowe m'mabuku.

Ngakhale zinali tero, nyumba zosindikiza monga Popular Publications ya ku Limbe ndi Dzuka zinatsegula khomo lina. M'zaka za m'ma 1980 kunatuluka mabuku a Willie Zingani, monga Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, ndi a Jolly Max Ntaba, monga Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata. Maina ena mwa awa ndi miyambi yodulidwa, imene wowerenga aitsiriza yekha mumtima asanatsegule buku. Pamenepo mlembi ndi wowerenga ayamba kale kucheza. Olemba awa anabweretsa nkhani pafupi ndi moyo wa masiku ao, wa ndalama, ntchito, chikondi ndi chinyengo. Wopima mabuku angathe kudandaula kuti m'nkhani za mtundu umenewu zinthu zigwirizana mwamwai kopambana, ndi kuti woipa alangidwa mofulumira kuposa momwe zikhalira pansi pano. Koma mabukuwa anatsimikiza chinthu chofunika: nkhani ikakoma, ipeza owerenga ngakhale kumene kulibe mayeso.

Umboni wa maiko ena ugwirizana ndi zimenezi. Ku England, kampani ya Penguin inayamba mu 1935 kugulitsa mabuku abwino a chikuto chofewa pa mtengo wa mapeni 6, ndipo anthu amene sankalowa m'sitolo za mabuku anayamba kugula. Ku Nigeria, pa msika wa Onitsha, timabuku totsika mtengo ta chikondi ndi malangizo tinkagulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo D. O. Fagunwa, amene buku lake loyamba la Chiyoruba linatuluka mu 1938, anakopa mtundu wonse ndi nkhani za mlenje m'nkhalango ya mizimu. Ku Zanzibar, Muhammed Said Abdulla anatulutsa mu 1960 nkhani ya Chiswahili ya wofufuza milandu. Ponseponse zinthu zitatu zikakumana anthu awerenga: buku likhale lotsika mtengo, lipezeke pafupi, ndipo likome.

Ana ochuluka, mabuku ochepa

Mu 1994 boma la Malawi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi anasefukira, ndipo buku limodzi linagawidwa kwa ana angapo. Kuyesa kumene kunachitika mu 2010 kunaonetsa kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liu limodzi la nkhani ya Chichewa. Pofuna kuchiza bala limeneli boma linayambitsa mu 2016 ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyambirira, yoyambira pa maliu a malembo ndi maphatikizo. Njira imeneyi iyenerana ndi Chichewa, pakuti kalembedwe kake katsata katchulidwe mokhulupirika, ndipo mwana wodziwa maphatikizo angathe kutchula liu limene sanalionepo.

Koma kutha kuwerenga ndi kukonda kuwerenga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 69 mwa 100 ali onse a zaka 5 ndi kuposerapo adziwa kulemba ndi kuwerenga. Amenewa ndi anthu mamiliyoni ambiri, okwanira kudyetsa olemba ndi osindikiza ochuluka. Chimene chiwalekanitsa ndi buku nchodziwika. Pepala ndi inki zigulidwa kunja, ndipo kwacha ikagwa mtengo wa buku ukwera. Wosindikiza aopa kutaya ndalama, nasankha buku limene liri pa ndandanda ya mayeso, popeza limenelo ligulidwa mosakayika. Buku likachotsedwa pa ndandandayo lisowa m'sitolo. Nyumba zobwereketsa mabuku za National Library Service ziri makamaka m'mizinda ndi m'maboma, ndipo mabuku ambiri a mphatso ochokera kunja ndi a Chingerezi, okamba za chipale ndi nyama zimene mwana wa ku Ntchisi sanazionepo. Munthu sangatchedwe wokana nsima pamene palibe wamuikira mbale.

Lamya ndi pepala

Tsono za lamya. Amene aiyesa mdani wa kuwerenga ayenera kuyamba ayang'ana chimene anthu achita nayo. Pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu alemba ndi kuwerenga Chichewa tsiku ndi tsiku: uthenga wa maliro, mitengo ya mbeu, mikangano ya ndale ndi ya mpira, mavesi a m'Baibulo, ndi nkhani zopeka zotuluka chigawo chigawo, zimene owerenga adikira ndi kukangana za anthu ake. Wogulitsa tomato amene sanagulepo buku chisiyire sukulu awerenga mau ambirimbiri pa tsiku. Lamya yagwetsa dandaulo lija lakuti anthu sakonda kuwerenga. Yaonetsanso kuti chizolowezi chakale cha pagulu sichinafe, pakuti uthenga wokoma uwerengedwa momveka kwa onse okhala pafupi, monga kalata ya ku migodi ija.

Kawerengedwe kasinthapo kale m'mbiri ya anthu. Augustine, polemba za masiku ake a ku Milan zaka zoposa 1,600 zapitazo, anaona kuti nchoyenera kutchula kuti bishopu Ambrose ankawerenga ndi maso okha, lilime liri chete. Mipukutu inasiyira malo mabuku a masamba, ndipo zolemba pamanja zinasiyira malo makina a Gutenberg, amene anasindikiza Baibulo ku Mainz cha m'ma 1455. Chotengera chisintha, ndipo palibe chifukwa cholirira chotengera. Nkhani ya Nthondo ikhala yomweyo pa pepala kapena pa galasi la lamya.

Choopsa chenicheni chiri pena. Buku ndi ganizo lalitali, lofuna kuti munthu asunge m'mutu zimene anawerenga dzulo ndi kuzilumikiza ndi za lero, adikire, akayike, asinthe maganizo ake pa munthu amene poyamba anamuda. Lamya izoloweza diso kudumpha, pakuti uthenga uli wonse ukankhidwa ndi unzake usanakhazikike. Mwana wokula ndi zidutswa zokha adziwa kutola, koma sadziwa kusenza. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kumeneko kuphunziridwa pa nkhani yaitali. Choopsa chachiwiri nchakuti buku lakale limene silisindikizidwanso, ndiponso silinaikidwe pa intaneti, lifa kawiri: m'sitolo mulibe, m'lamya mulibe. Mbadwo ungathe kuuka wodziwa maina a Ntara ndi Chafulumira monga mayankho a mafunso, osaonapo tsamba limodzi la zolemba zao.

Ndakatulo ziphunzitsapo kanthu pano. Kuyambira pa Ntchito za Pakamwa la E. J. Chadza kufikira pa zolemba za Benedicto Wokomaatani Malunga, ndakatulo za Chichewa zafika kwa anthu ambiri kupyolera m'khutu, pa wailesi ndi pa misonkhano, ndipo amene anazimva ndiwo afuna kuziona zolembedwa. Khutu litsogolera, diso litsata. Limeneli ndi khomo limene mphunzitsi ali nalo m'kalasi mwake popanda kulipira kanthu.

Gawo la mphunzitsi

Choyamba, mphunzitsi akhale wowerenga iye mwini. Wophunzira uphunzitsi amene atuluka m'koleji asanatsirize buku la Chichewa ngakhale limodzi mwa kufuna kwake, adzaphunzitsa kuwerenga monga munthu wolongosola njira ya kumudzi kumene sanafikeko. Zaka za m'koleji ndiyo nthawi yofunafuna mabuku atchulidwa pano, kuwawerenga, ndi kukangana za iwo ndi anzake.

Chachiwiri, awerengere ana momveka tsiku liri lonse, ngakhale mphindi 10 zokha, nkhani imodzi yaitali yopitirira mawa. Asinthe liu pa munthu ali yense wa m'nkhani, alole ana kuvomereza nyimbo, ndipo alekeze pamene pafika pokoma. Pa mphindi zimenezi pasakhale mafunso a malikisi kapena chilango. Kalasi la ana 100 lokhala ndi buku limodzi lingathe kudya buku limenelo lonse pamodzi. Mwana amene wamva theka la nkhani ndiye adzapempha kubwereka bukulo.

Chachitatu, mabuku atuluke m'kabati. M'sukulu zambiri mabuku atsekeredwa poopa kuti ang'ambika, ndipo chiswe ndicho chiwawerenga. Buku lothaitha chifukwa cha manja a ana lagwira ntchito yake. Kope limodzi lolembamo maina a obwereka, ndi ana awiri osankhidwa kuliyang'anira, zikwanira kuyambitsa nyumba ya mabuku ya kalasi. Buku likapita kunyumba Lachisanu, mwana auzidwe kukawerengera a kwao. Potero buku lifika pakhonde pamene kalata inkafika kale.

Chachinai, pamene mabuku palibe, apangidwe. Ana a makalasi apamwamba akafunse nthano, mbiri ya mudzi ndi maina a mitengo kwa agogo ao, alembe bwino, ajambule zithunzi, ndipo masambawo asokedwe ndi ulusi. Mabuku otere awerengedwa ndi ana a makalasi apansi mwachidwi, chifukwa muli mitsinje ndi mapiri amene awadziwa. Kumene ana alankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga kunyumba, nthanozo zilembedwenso m'zinenero zao, pakuti mwana akonda kuwerenga poyamba m'mau amene amai ake amuitanira.

Chachisanu, mafunso a pa buku akhale ofuna chiweruzo cha mwana. M'malo mofunsa phunziro la m'nkhani, mphunzitsi afunse ngati mudzi unachita bwino kulonga Nthondo ufumu, kapena pamene Gwenembe akanatha kubwerera asanachite choipa, kapena ngati mathero a buku akhutiritsa. Mafunso otere alibe yankho limodzi lolowezedwa, ndipo mwana sangawayankhe popanda kubwerera m'masamba. Aphunziranso kuti buku si mfumu yosatsutsika, koma mnzake wokamba naye.

Chotsiriza, ena mwa aphunzitsi alembe. Mabuku amene akusoweka ndi odziwika: nkhani zazitali za ana a zaka 9 kufikira 13, nkhani za m'tauni ndi za kunyanja, nkhani zoseketsa, zoopsa ndi za kufufuza chinsinsi, nkhani zimene mtsikana atsogolera. Palibe adziwa chimene chiseketsa ndi kuopsa mwana wa Sitandade 5 koposa munthu amene aima pamaso pake tsiku ndi tsiku, ndipo munthu ameneyo ali ndi omvera oyesera zolemba zake asanazitumize kwa wosindikiza. Ntara anali mphunzitsi wa zaka 28 pamene Nthondo linatuluka, ndipo analemba pa nthawi imene owerenga Chinyanja anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a lero. M'mera mpoyamba: mwana amene pofika Sitandade 4 wamvapo kukoma kwa nkhani yaitali adzaifunafuna moyo wake wonse, pa pepala kapena pa lamya, ndipo wosindikiza adzatsata kumene kuli ogula.